Kalata yotseguka: mabuku a khansa amene ophunzira athu akuwerenga, akuwaunika ndani?

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, akuluakulu a Medical Council of Malawi, akuluakulu a Nurses and Midwives Council of Malawi, ndi inu nonse amene mukuyendetsa sukulu zophunzitsa ntchito zachipatala m'dziko muno.

Akuluakulu,

Ndazengereza nthawi yaitali kulemba kalatayi, podziwa kuti pa matebulo anu pali nkhani zolemera kale: mankhwala osowa m'zipatala, malipiro a ogwira ntchito, ma ambulansi opanda mafuta. Munthu wobwera ndi nkhani ya mabuku amaoneka ngati wosowa chochita. Komabe wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye mundilole ndilankhule. Ndine mphunzitsi pa sukulu ina yophunzitsa anamwino ndi ma clinical officer. Ndisanagwire choko ndinagwira ntchito m'wodi zaka zingapo, ndipo manja angawa atsekapo maso a anthu ambiri amene khansa inawatenga. Pempho langa ndi limodzi. Mabuku amene ophunzira athu akuwerenga pa za chithandizo cha khansa aziunikidwa ndi anthu odziwa, monga mmene timaunikira mankhwala, ndipo chigamulo chawo chizilembedwa pa buku lenilenilo kuti aliyense wolitsegula achione.

Chandidzutsa ndi ichi. Mtsikana wina wa chaka chomaliza anandiimitsa pakhonde titatuluka m'kalasi, m'manja ali ndi mpukutu wa mapepala a fotokope, akuda m'mphepete chifukwa chodutsa m'manja ambiri. “Aphunzitsi, pepani,” anatero, “magawo a khansa ya khomo la chiberekero amene mwatiuza aja akusiyana ndi amene ali apa. Pamayeso tilembe ziti?” Ndinamufunsa dzina la buku limene mapepalawo anachokera. Sankalidziwa. Nanga chaka? Tsamba loyamba panalibe, wojambula woyamba analisiya, mwina pofuna kupulumutsa makwacha ochepa. Iye anawalandira kwa mnzake wa kalasi yapatsogolo, mnzakeyo kwa wina amene pano ali kale pantchito, akuona odwala. Tinapita limodzi ku laibulale n'kukalipeza bukulo pa shelefu yapansi, lolemera ngati njerwa ziwiri, chikuto chidakali cholimba, mkati muli chidindo cha laibulale ina yakunja imene inathana nalo. Linasindikizidwa mtsikanayo asanayambe sitandade 1.

Bungwe la FIGO, limene madokotala a matenda a amayi padziko lonse amatsatira pogawa magawo a khansa imeneyi, linasintha kagawidwe kake mu 2009, n'kusinthanso mu 2018. Kusintha kwa 2018 kunalola kuti zithunzi za m'makina ndi zotsatira za ku labu zizigwiritsidwa ntchito podziwa gawo, ndipo kunabweretsa gawo latsopano la IIIC, la mayi amene khansa yake yafika ku ma lymph node, tija timatupa tikamati munthu watuluka mwanabere. Gawo ndilo limauza dokotala ngati mayi apite ku opaleshoni kapena ku radiotherapy, chithandizo cha cheza champhamvu cha m'makina, ndi kemo, mankhwala amphamvu opha maselo a khansa. Mtsikanayu ankadera nkhawa mayeso, koma ine mtima unapita kwa uja ali kale pantchito, amene akulemba makalata otumiza odwala ku chipatala chachikulu ndi nzeru za pa mapepala omwewa.

Mankhwala akamalowa m'dziko muno, a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority amawaunika. Pa botolo lililonse pali tsiku lothera mphamvu, ndipo namwino amene tamuphunzitsa bwino sangabaye munthu jakisoni wodutsa tsiku lake ngakhale mutamukakamiza. Koma buku limene linamuuza mlingo wa jakisoniyo lilibe tsiku lothera mphamvu. Limangokhala pa shelefu, laukhondo, zilembo zagolide pamsana. Oyendera sukulu akabwera, amene ine ndakumana nawo, amafunsa kuti laibulale ili ndi mabuku angati. Timawerenga misana, chiwerengero chimakwana, onse timasangalala. Sindinamvepo wina akufunsa kuti mwa mabuku a khansawa, ndi angati amene munthu angatengemo mlingo wa mankhwala lero osavulaza wodwala.

Nzeru za khansa zimakalamba msanga kuposa za mafupa ndi minofu. Buku la kapangidwe ka thupi la zaka 40 zapitazo likhoza kuphunzitsabe bwino, pakuti chiwindi chidakali pomwe chinali. Za chithandizo cha khansa sizitero. Kuyambira mu 1999 zinadziwika kuti mayi wa khansa ya khomo la chiberekero amene akulandira radiotherapy amakhala ndi mwayi wochuluka akamalandiranso kemo yotchedwa cisplatin, ndiye buku lotuluka chaka chimenecho chisanafike lilibe mfundoyi. Mabuku ambiri a chisanafike chaka cha 2018 ankatamanda opaleshoni yochotsa chiberekero kudzera m'timabowo ting'onoting'ono, kuti bala limapola msanga. M'chaka chimenecho kafukufuku wamkulu wotchedwa LACC anaonetsa kuti amayi ochitidwa opaleshoni yotere khansa inkawabwerera kwambiri, ndipo ankamwalira ochuluka kuposa ong'ambidwa pamimba mwa nthawi zonse. Mu 2021 bungwe la WHO linanena kuti njira yoyamba yoyezera amayi ikhale yofufuza kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, kuyambira zaka 30, koma kwa amayi amene ali ndi HIV kuyambira zaka 25. Mu 2022 linavomereza kuti katemera wa HPV akhoza kuperekedwa kamodzi kokha kwa atsikana. Zambiri mwa izi zachitika ana amene tikuwaphunzitsa panowa ali kale pasukulu.

Pali nkhani ina imene ndimauza kalasi iliyonse. M'zaka za m'ma 1990, dokotala wa pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, Werner Bezwoda, anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti amayi a khansa ya m'mawere amapindula ndi kemo yamphamvu koopsa, yotsatizana ndi kuwabwezeretsera mafuta a m'mafupa. Njirayi inali itafala kale ku America, ndipo amayi zikwi zambiri anadutsa m'moto umenewo. Mu 2000 akatswiri atapita kukaona mafayilo ake anapeza kuti zimene analemba sizinkagwirizana ndi zimene zinachitikadi. Anachotsedwa ntchito, ndipo magazini imene inasindikiza nkhani yake inaibweza mu 2001. Magazini ikhoza kubweza mawu ake. Buku limene linasindikizidwa pakati pa zaka zimenezo silimva nkhani, limapitiriza kunena zomwezo kwa aliyense wolitsegula. Ndipo mabuku a zaka zimenezo ndi omwe amadzaza makatoni obwera kuno.

Musandimve molakwa, sindikunyoza opereka. Ndatsegulapo makatoni amenewa ndi manja anga, fungo la chinyezi likutuluka, ndipo ndimadziwa kuti kumbuyo kwake kuli munthu wamtima wabwino amene analipira sitima. Muli mabuku ena abwino kwambiri m'menemo. Koma mphatso ya mankhwala timaiunika tisanaipereke kwa wodwala, ndipo woperekayo sakhumudwa. N'chifukwa chiyani mphatso ya mabuku timachita nayo manyazi?

Tsono ukalamba wa buku ndi theka chabe la vuto. Theka linalo ndi limene limandisowetsa tulo, chifukwa limakhudza ngakhale buku latsopano, lonyezimira, lotuluka chaka chino. Buku lililonse limalembedwa wolembayo akuona odwala ake m'maganizo, ndipo odwala a wolemba wa ku Boston kapena ku London si amene ali pamzere pa chipatala cha boma ku Nsanje. Tsegulani buku lalikulu lililonse la khansa lochokera kumeneko muwerenge masamba. Khansa ya m'mapapo, ya m'matumbo, ya m'mawere ndi ya prostate zimatenga malo aakulu. Kenako lowani m'wodi yathu. Mupeza khansa ya khomo la chiberekero, imene dziko lathu lili m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse. Mupeza khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi, khansa ya kummero, ma lymphoma, omwe ndi khansa ya timatupa ta mwanabere tija, ndipo ku wodi ya ana mupeza lymphoma ina yotchedwa Burkitt ndi zotupa za impso. Zimene zimadzaza mabedi athu, m'bukumo zili ndi timasamba towerengeka.

Ndimakumbukira bambo wina, kalipentala, amene anabwera mwendo wakumanzere utatupa, wolimba ngati chipika, pamwamba pa phazi pali timadontho takuda totukuka pang'ono. Wophunzira amene ndinali naye tsikulo, mnyamata wakhama kwambiri, anayang'ana n'kuyamba kuganiza za mtima ndi impso. Nditamuuza kuti ndi Kaposi anakana mwaulemu. “Koma aphunzitsi, m'buku muja Kaposi ndi yofiirira, yapepo.” Sananame. Chithunzi chimene analoweza chinali cha khungu la mzungu. Pa khungu lathu madonthowa amaoneka akuda, nthawi zina ngati chipsera chabe. Ndinamupatsa tochi n'kumuuza kuti awapemphe bambowo ayasamule, ayang'ane kumwamba kwa m'kamwa. M'menemo ndi mmene anaona mtundu umene buku linamulonjeza. Moritz Kaposi pofotokoza matendawa ku Vienna mu 1872 ankaona amuna achikulire. Kwathu kuno ndi matenda a anyamata, amayi apakati, ngakhale ana, oyenda limodzi ndi HIV ndi kachilombo ka HHV-8 kamene kanadziwika mu 1994. Mnyamata uja akanakhala yekha pa chipatala chaching'ono, bambowo akanabwerera kwawo ndi mapiritsi okodzetsa.

Khansa ya kummero nayo chimodzimodzi. Mabuku a ku America ndi ku Britain amakhalitsa pa mtundu wa adenocarcinoma, woyenda ndi kunenepa ndi chilungulira cha nthawi yaitali. Yathu kuno pafupifupi yonse ndi squamous cell, ndipo ofufuza amaikhudzanitsa ndi kachasu, fodya, utsi wa nkhuni ndi kumwa zotentha kwambiri. Bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linanena mu 2016 kuti zakumwa zopitirira madigiri 65 zikhoza kuyambitsa khansayi. Wophunzira wathu ayenera kudziwa kuti munthu wowonda amene akuti nsima ikumukakamira pakhosi, wayamba phala, ndi wofunika kumutumiza lero lomwe, osati kumupatsa mankhwala a zilonda za m'mimba mwezi ndi mwezi mpaka malovu omwe akanike kudutsa. Khansa ya chikhodzodzo kunjako amaiphunzitsa ngati matenda a osuta fodya ndi ogwira ntchito m'mafakitale. Ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota ndi kuchigwa cha Shire, nkhani yake ndi likodzo la zaka zambiri. Pali khansa ya pa diso yoyenda ndi HIV, yoyamba ngati kanthu koyera kosapweteka. Pali khansa ya pakhungu imene ikutha abale athu achialubino adakali achinyamata. Mitu imeneyi m'mabuku akunja mumaifufuza ndi nyali.

Ndiye pali HIV ndi TB, zimene buku lakunja limaziika m'kamutu kapadera chakumapeto, pamene kwa ife zili pabedi lachiwiri lililonse. Amene akupereka kemo kuno ayenera kudziwa pamtima kuti ARV ya zidovudine imatsitsa magazi pamodzi ndi kemoyo, kuti ARV ya ritonavir imakulitsa ululu wa kemo ya vincristine m'mitsempha, kuti ARV ya tenofovir ndi cisplatin zonse zimalemetsa impso, kuti bakitirimu amene odwala athu amamwa tsiku ndi tsiku sagwirizana ndi kemo ya methotrexate. Ayenera kudziwa kuti zotupa za m'khosi zimene sizikuphwa munthu atamwa mankhwala a TB kwa milungu ingapo zikufunika kudulako kanyama kukayeza, chifukwa lymphoma imavala malaya a TB, ndipo miyezi imene timataya pamenepo sibwerera. Mwana wa pa kemo akatentha thupi, kuyeza malungo n'kofunika, koma kupeza malungo sikuchotsa kufunika koyamba maantibayotiki nthawi yomweyo. Buku limene silinena zimenezi likhoza kukhala labwino kwawo, koma kuno ndi loperewera.

Choopsa koposa ndi buku lonena zoona zimene ife sitingazichite bwinobwino. Tengani Burkitt. Denis Burkitt anafotokoza chotupa cha nsagwada cha ana ku Kampala mu 1958, ndipo mu 1961 anayenda pa galimoto m'zipatala zambiri za kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo za m'dziko lino likadali Nyasaland, n'kupeza kuti matendawa amatsata madera otentha ndi amvula, komwenso malungo amachuluka. Ndi matenda athu enieni. Lero ku Ulaya ana 9 mwa 10 alionse odwala Burkitt amachira, ndi kemo yamphamvu kwambiri. Koma kemo imeneyo imayenda ndi magazi ndi ma platelet, timaselo toundanitsa magazi, opezeka usiku uliwonse, maantibayotiki amphamvu, labu yoyeza kuchuluka kwa methotrexate m'magazi, ndi namwino woyang'anira ana ochepa. Kupereka mlingo womwewo kwa mwana wonyentchera, pa wodi imene zinthuzi palibe, n'kumupha ndi mankhwala chotupa chisanamuphe. Ku Queen Elizabeth Central Hospital, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anakhala zaka akuyesa ndondomeko zopepukirapo, zodalira cyclophosphamide, zimene zinkachiritsa pafupifupi theka la ana pa mtengo wochepa. Pa wodi yomweyo anaphunziranso kuti ndalama ya basi ndi chakudya cha gadiyani ndi mbali ya chithandizo, chifukwa mwana amene makolo ake alephera kubwera naye ulendo wachitatu sachira, kaya mankhwala akhale abwino chotani. Nzeru zimenezi zinapezeka pa nthaka yathu, ndi ana athu. Zili m'magazini a madokotala. Pa shelefu imene wophunzira wanga amafikapo palibe.

Khansa ya m'mawere ili ndi msampha wofanana. Umberto Veronesi ku Milan ndi Bernard Fisher ku America anaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti kuchotsa chotupa chokha n'kusiya bere kumapereka moyo wofanana ndi kuchotsa bere lonse. Buku limanena zimenezi mokondwera, ndipo mayi aliyense angakonde kumva zomwezo. Koma mfundoyi yaima pa mwendo umodzi: pambuyo pake pakhale radiotherapy. Kwa zaka zonse zimene dziko lino linalibe makina amenewa, pamene odwala ochepa amwayi ankatumizidwa ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Nairobi kapena ku India, wowerenga mothamanga akanasiya bere lodwala pa mayi amene sakanaona makinawo m'moyo wake.

Apa mpomwe ndikuthokozani, pakuti zinthu zasintha. Ku Blantyre makina a radiotherapy anayamba kugwira ntchito pa chipatala chomwe si cha boma mu 2024, ndipo National Cancer Centre ku Lilongwe inatsegulidwa mu 2025. Izi zikutanthauza kuti zolemba zathu zomwe, zimene aphunzitsife tinalemba ndi manja athu, zakalamba. M'manotsi ambiri amene akuzungulira m'mahositelo mudakali mzere wakuti m'Malawi mulibe radiotherapy. Wophunzira amene waloweza mzere umenewu adzauza mayi kuti palibe chochita, pamene chochita chilipo. Choncho kuunika kumene ndikupemphaku kusaphonye mapepala athu a kuno.

Ndikudziwa wina adzati, kodi ukufuna ana athu aziphunzira udokotala wa amphawi? Ayi. Ndimaopa zimenezo kuposa mmene iye akuopera. Kwa zaka zambiri Kaposi yofalikira tinkaichiza ndi bleomycin ndi vincristine, chifukwa ndi zimene zinalipo, mpaka ena tinayamba kuganiza kuti ndiye chithandizo chake. Kafukufuku amene anachitika m'mayiko angapo, Malawi ali momwemo, zotsatira zake zitatuluka mu 2020, anaonetsa kuti kemo ya paclitaxel pamodzi ndi ma ARV imathandiza kuposa pamenepo. Buku labwino kwa ife ndi limene limaonetsa wophunzira zonse ziwiri, chithandizo chabwino koposa chimene ayenera kumenyera kuti chifike, ndi chimene angachite mmawa uno ndi zimene zili m'kabati, osasokoneza ziwirizi. Zoterezi zilipo kale. Kuyambira mu 2017 bungwe la NCCN la ku America, mogwirizana ndi akatswiri a khansa a mu Africa muno a African Cancer Coalition, lakhala likutulutsa ndondomeko zokonzedwera mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara, zolembedwa ndi mitundu yosiyana ya inki kuti wowerenga aone chimene chimapezeka paliponse, chimene chimafuna zipangizo zodula, ndi chimene chingalowe m'malo. Zimapezeka pa intaneti mwaulere. Ophunzira anga ambiri amafika chaka chomaliza asanazimvepo.

Ndinene pang'ono za mabuku ena amene sadutsa pa laibulale. Amagulitsidwa m'madepoti a basi, ena amayenda pa WhatsApp, olonjeza kuchiza khansa ndi masamba, ndi soda, ndi njere za zipatso. Ena amalembedwa mooneka ngati a madokotala, ndi mawu akuluakulu ndi zithunzi za maselo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mankhwala otchedwa laetrile, ochokera ku njere za ma apricot, anayesedwa n'kupezeka kuti sachiza khansa, ndipo amatulutsa poizoni wa cyanide m'thupi. Sindinyoza zomera. Vincristine amene timabaya ana athu anachokera ku kaduwa ka ku Madagascar kamene kamamera m'mabwalo a nyumba zathu zambiri, ndipo paclitaxel anachokera ku khungwa la mtengo. Kusiyana kwake n'kwakuti izi zinayesedwa pa anthu, mlingo wake unadziwika, kuopsa kwake kunalembedwa. Wophunzira amene sitinamuphunzitse kufunsa buku kuti umboni wako uli kuti, sadzatha kusiyanitsa mabuku awiriwa, ndipo tsiku lina adzagwedezera mutu gadiyani amene akufuna kutulutsa wodwala kuti akayese za m'kabuku.

Tsono ndikupempha chiyani kwenikweni? Khazikitsani kagulu kochepa kounika mabuku ndi zolemba za khansa zimene zikugwiritsidwa ntchito m'sukulu zonse, za boma, za CHAM ndi zomwe si za boma. Mutu umodzi susenza denga, ndiye musaikemo madokotala a khansa okhaokha. Mukhale woyeza tinyama ku labu, wa ku famase, namwino amene amapachika madiripi a kemo, wosamalira odwala amene sangachire, woyang'anira laibulale, ndiponso clinical officer wa pa chipatala cha boma chakutali, amene adzawauze akatswiriwo kuti chimene mukunenachi kwathu kulibe. Ndingakonde mutakhalanso munthu amene anadwalapo khansa n'kuchira.

Mafunso ofunsa buku si ovuta. Linatuluka liti, ndipo umboni wake waposachedwa ndi wa chaka chanji, pakuti buku lotuluka chaka chino linalembedwa zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo? Analilemba ndani, ndipo analipira ndani, makamaka timabuku taulere tobwera ndi ogulitsa mankhwala? Likunena za odwala ofanana ndi athu? Zithunzi zake zikuonetsa khungu lakuda? Likapereka mlingo, likunenanso zimene ziyenera kukhalapo kuti mlingowo usaphe? Likugwirizana ndi Malawi Standard Treatment Guidelines ndi ndondomeko zathu za khansa, ndipo pamene zikusiyana, cholondola n'chiti? Likachenjeza kuti vincristine sabayidwa pamsana chifukwa amapha, chenjezolo lili poonekera kapena labisala m'timalemba tating'ono? Akamaliza, adinde pa chikuto chidindo chachikulu chokhala ndi chaka. Ili gwiritsani ntchito. Ili werengani kuti mumvetse matenda, koma musatengemo mlingo wa mankhwala. Ili ndi mbiri yakale. Sindikuti mabuku awotchedwe, a gulu lachitatuli ali ndi ntchito yake pophunzitsa mmene nzeru zimasinthira. Ndikungofuna mtsikana uja akatsitsa buku pa shelefu adziwe chimene wanyamula. Ndipo chidindocho chizionedwanso pakapita zaka zitatu.

Zina ndi zazing'ono, zosafuna bajeti. Ofuna kutipatsa mabuku azitumiza kaye mndandanda, ife tisankhe. Fotokope iliyonse yoperekedwa m'kalasi izikhala ndi tsamba loonetsa dzina la buku ndi chaka. Olemba mayeso aziunikanso mayankho awo, chifukwa wophunzira amaloweza chimene chimakhozetsa, ndipo ngati mayeso akufuna yankho lakale, buku latsopano silidzatsegulidwa. Sukulu iliyonse ilembetse ku Research4Life, njira imene inayamba ndi HINARI ya WHO mu 2002, yolola mayiko ngati lathu kuwerenga magazini ndi mabuku ambiri a zaumoyo osalipira, ndipo mawu achinsinsi olowera asamakhale m'dirowa ya munthu mmodzi. Poti magetsi ndi mabando a intaneti tonse tikudziwa mmene zilili, mitu yofunika kwambiri isindikizidwe papepala chaka ndi chaka.

Pempho lalikulu ndalisunga kumapeto. Tilembe buku lathu. Sindikunena chibuku cha masamba 2,000 chopikisana ndi akunja. Ndikunena buku lokwana m'thumba la yunifolomu, la namwino ndi clinical officer, lotuluka mwatsopano pakapita zaka zochepa. Anthu olilemba tili nawo ku Kamuzu University of Health Sciences ndi m'zipatala zathu zikuluzikulu. Ziwerengero zili ku kaundula wa khansa ku Blantyre, kafukufuku ali mu Malawi Medical Journal ndi m'magazini ena. Ku Nkhoma anaonetsa kuti mayi akhoza kuyezedwa khomo la chiberekero ndi viniga n'kuthandizidwa tsiku lomwelo ndi kachipangizo kotenthetsa, WHO isanatulutse ndondomeko yake ya njirayi mu 2019. A Tiyanjane ku Blantyre ndi a Ndi Moyo ku Salima, osamalira odwala amene sangachire, akudziwa za kuthetsa ululu zimene mabuku akuluakulu amaziika m'mutu womaliza. M'buku lathu mutu wa mofini ukhale koyambirira, pakuti odwala athu ambiri amafika matenda atapita patali, ndipo ndaonapo anamwino abwino akuopa kupereka mofini kwa munthu wobuula usiku wonse, poganiza kuti amuzolowera kapena amufupikitsira moyo. Mukhale zithunzi za khungu lathu, zojambulidwa eni ake atavomera.

Mukhalenso mawu. Palibe buku lakunja limene lidzaphunzitse mwana wathu mmene angawauzire agogo a ku Ntchisi, m'Chichewa, kuti chotupa chawo ndi khansa, kapena mmene anganenere zomwezo m'Chitumbuka ndi m'Chiyao. Radiotherapy timangoti kuwotcha, ndipo ndaonapo nkhope ya mayi ikusintha atamva mawu amenewa, m'maganizo mwake akuona moto weniweni. Ambiri amakhulupirira kuti khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imafalikira, n'chifukwa chake amathawa ngakhale kudulidwa kanyama kokayeza. Mayankho a mantha amenewa alipo, anamwino akale a m'mawodi a khansa amawadziwa, koma akupuma nawo pantchito osalembedwa paliponse.

Mtsikana uja amaliza maphunziro chaka chino. Mwina mudzamutumiza ku chipatala chaching'ono kumene adzakhale yekha ndi mzamba mmodzi, netiweki yopezeka pokwera pachulu. Mapepala ake aja ndinawatenga, ndinakonza ndi cholembera chofiira pamene ndinatha kukonza, n'kulemba chaka pamwamba pa tsamba lililonse. Koma ndi mpukutu umodzi umenewo, ndipo m'mahositelo a sukulu zathu muli mazana. Ophunzira atsopano asanalowe chaka chamawa, ndikupempha kuti kagulu kameneka kakhale katakumana ngakhale kamodzi, kayambe ndi khansa zisanu zimene zimadzaza mawodi athu. Mndandanda wa mabuku a khansa a mu laibulale ya pasukulu pathu, ndi zaka zake, ndaulemba kale. Mukauitanitsa ndidzabwera nawo ndekha.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wa anamwino ndi ma clinical officer